Buku la Ngongole la Che Twaibu

Ndinali telala pakhonde la sitolo yawo, pa Kamwendo,
zaka khumi ndi zinayi, phazi pamakina,
maso kumsewu wopita kumalire.
Makinawo sanali anga.
Ngakhale ulusi.

Che Twaibu anachokera kunyanja ndi mchere panjinga,
kenaka ngolo, kenaka lole yobiriwira
yonyamula mtedza wa dera lonse.
Anakhoma malata pamzikiti.
Anakumbitsa chitsime, Akhristu n'kumatunga nawo.
Maliro akagwa, nsalu yoyera inkatuluka m'sitolo usiku
popanda wofunsa mtengo.
Koma zonse zinkalembedwa.

Malire aja tinkawadziwa ndi khasu.
Mizere ya amalume inkayambira ku Nyasalande
n'kukathera ku Rodeshiya;
manda athu kuno, dambo la ng'ombe uko,
ndipo mesenjala wa msonkho, wa chipewa chofiira,
ankabwera kuchokera mbali zonse ziwiri.

Chitaganya chitafika, Lachisanu linatalika.
Swala ikatha, nsapato zinkakhalabe pakhomo,
anthu osatuluka.
Aphunzitsi a kumishoni ankalowera kuseri,
mitanda ili m'thumba la malaya,
kudzamwa tiyi wa mkaka pamkeka wa Msilamu.
Ine ntchito yanga inali makolala:
kupinda khadi la chipani kanayi,
kulisokera mkati,
kuti wapolisi wa pachipata akapapasa
apeze thukuta lokha.

Tsiku lina Disii anaima ndi galimoto,
natsegula buku lija ndi nsonga ya ndodo.
Zakeyu Mbewe, palafini, mapeni asanu.
Nachisale, sopo.
Asani wa kutsidya, fizi ya mwana, mapaundi awiri.
Anatseka, nati anthu akuda ndi ngongole n'chimodzi.
Sanadziwe kuti wawerenga mayina a nthambi yonse,
ndi ya uko komwe.
Che Twaibu anamupatsa nkhuku.

Musandifunse ngati anali woyera mtima.
Voti itayandikira anandituma khomo ndi khomo,
buku kukhwapa,
osati kukalonjerera, ayi,
kukangopereka moni.
Munthu akaona chikuto chakuda chija
ankadziwa yekha bokosi loponyamo.
Dzanja lokupatsa limagwiranso pamkono.
Ine ndemwe, pofuna kukwatira kwa Mkanda,
ndinayamba ndapempha kwa iwo
ndisanauze amalume.

Chimene ankafuna n'chimodzi, ankatero:
sukulu imene Asani angalowe ali Asani,
osatuluka ali Andireya.

Mbendera itasintha, anyamata amene anawalipirira fizi
anabwera pagalimoto, mataye pakhosi.
Anawakhazika kutsogolo pamsonkhano,
mpando wa ndalema, pambali pa alendo,
nawatchula bambo wa tonsefe.
Za sukulu anati tidzaona.
Malire anakhala pomwe anali,
kungoti wapachipata tsopano ankalankhula Chichewa
pondilanda thumba la mtedza wa amalume.

Anamwalira mwezi wa Ramadani, lole ili pamiyala.
Sanda ndinasoka ndine.
Ana awo anandipatsa makina aja, ndi buku,
poti mwina mapepala ake ndingadulirepo zitsanzo za malaya.

Sindinadule.
Dzina langa lili patsamba lachitatu:
singano khumi ndi ziwiri, sanalipire.
Mzere wofufuta palibe.
Ndipo mpaka lero sindidziwa
ngati anandikhululukira
kapena ankafuna ndikhalebe wawo.