Phula la Pakhomo

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikupaka phula
poimika galimoto m'makomo a mu Duluth muno.
Likauma limanyezimira ngati nsapato ya mkwati,
eni nyumba n'kundiwonjezera ya fodya.

Chipale chikasungunuka limasuka,
fosholo n'kulipala, matayala n'kulipera,
fumbi lake n'kulowa m'nyumba osagogoda.

Dzulo ndinapeza Signe, mdzukulu wanga,
atagwada pomwepo ndi choko,
akujambula mphaka wa miyendo isanu,
zikhatho bii,
chala chili m'kamwa.

A Halvorsen akuti, khonsolo ikaletsa
tidya chiyani?
Ndinangoti kakasi,
maso pa zikhadabo zanga zosayera ndi sopo.

Lachiwiri ndikaimirira kumsonkhano.
M'galaja mwatsala migolo itatu,
kokaitaya sindikukudziwa,
poti mtsinje unamwa kale zokwanira.