Kangolo ka a Mulepa

Kanafika pa kabaza, Lachiwiri, chiperoni chili m'kati,
kangolo ka mawilo atatu, kopindika ngati chiswamphika,
Layisoni atakafungatira pamiyendo
monga mwana wodwala wopita naye ku chipatala.
A Mulepa anafika pambuyo, akutsimphina.

"Amisiri, kandichititsa manyazi aka.
Pa dzenje lachisanu ndi chiwiri, pachitunda paja,
kanangoti fwee, kenako zii,
chikwama cha ndodo za gofu chili pamsana.
Anzanga anaseka mpaka mbalame kuthawa m'mibulugamu."

Ine zanga ndi mawayilesi, mafoni, mwa apo ndi apo firiji,
pano pa Chitakale, kuseri kwa ogulitsa nanazi.
Gofu sindinamenyepo.
Koma waya ndi waya basi.

Ndinakatsegula pamimba.
Dzimbiri lobiriwira pamilomo ya batire,
nyerere zitamanga mudzi m'kabokosi ka swichi,
mota ikununkha ngati tsitsi lopserera.
Chinyezi cha kuno sichikhululukira chitsulo.

Ndinawauza, pensulo ili kukhutu:
batire ili latha, ngakhale mulitchaje usiku wonse,
ngati magetsi angakhaleko usikuwo.
Mota ndingaikulunge waya watsopano.
Giya lakumanzere ndiye ladyeka mano;
ku Limbe simulipeza, n'la ku Joni.

Anatulutsa foni, nandionetsa katsopano
kamene mwana wawo watumiza chithunzi:
kopepuka, komvera kabatani ka m'thumba,
kotsata mwini wake ngati galu.
Mtengo ndinauwerenga kawiri
kuopa kuti maziro andizunguza maso.
"Penshoni ya miyezi isanu ndi inayi," anatero,
"zaka makumi atatu ndikuyeza tiyi pasikelo."
Kenako anasisita chogwirira chakalecho,
pamene dzanja lawo linaperesa mphira mpaka kuwala.
"Aka anandigulira mayi a kunyumba
chaka chimene bondo linayamba."
Sanapitirize. Nanenso sindinafunse.

Nthawi yonseyi Layisoni ali pakhomo,
akutokosa udzu kumawilo ndi kamtengo,
mutu pansi.
Ndimamudziwa.
Zaka khumi anasenza chikwama chimenecho
kangoloka kasanabwere;
phewa lake lamanja n'lotsika mpaka lero.
Masabata atatu amene kakhala chigonere
ana ake apita kusukulu ndi makope atsopano.
Anandiyang'ana kamodzi kokha.
Sanapemphe kanthu.

Tsono nditani?
Ndikati kafa, agula kagalu kaja.
Ndikati kadzuka, Loweruka lomwe lino
kakwera chitunda kokha, kakung'ung'udza,
Layisoni ali pachipata cha bwalo
kudikira mlendo amene sabwera.

Ndinanyambita pensulo.

"Bwana, kakonzeka. Musagule.
Koma giyalo tisalichitire phuma,
tidikire lenileni."
M'kabati mwangamu, pansi pa mawayilesi akufa,
muli giya la makina osokera
limene ndi tupa ndikanalisula madzulo amodzi.

"Miyezi iwiri?"
"Mwina itatu. Mvula ikagwa misewu imavuta."

A Mulepa anapumira m'mwamba,
nasuzumira panja kufuna phiri;
kunalibe phiri, mtambo wokhawokha.
Maso awo pobwerera anaima pa kabati paja
nthawi yaitali ndithu,
mpaka ine kuyamba kupukuta sikuludiraiva yoyera kale.

"Itatu," anatero. "Chabwino. Musathamange."
Ali pakhomo, osacheuka:
"Layisoni, Loweruka seveni koloko.
Ubwere ndi ambulera."

Kangolo kali pakona apo,
ndakafunditsa thumba la feteleza.
Nyerere ndinazisamutsa, mota ndinakulunga,
usiku wina magetsi atayaka ndinakayesa:
gudumu lamanja linazungulira m'malere,
lamanzere phee.
Kalata yoitanitsa giya ndinailemba.
Ili m'thumba la malaya anga achikasu,
amene sindivalavala masiku ano.