Timawashala

Ndinafika ku Zigwagwa mvula ya mawawa ikugwa,
m'thumba la jekete muli sikulufu imodzi,
yokhayo imene inatuluka yathunthu
kumsana kwa rediyogalamu ya bambo.
Zinzake zinathyokera m'thabwa,
dzimbiri litazidya makosi.

A Luhanga sagulitsa za m'mapaketi.
Amakhuthulira chitini cha penti pa saka
n'kukusiya upalase wekha ngati nkhuku padzala,
iwo akuwotha manja pa kambaula.

Ndinatola zonyezimira, zamtanda pamutu.
Anapukusa mutu.
"Bokosilo ndi la liti?"
Sindidziwa. Linachokera ku Joni ndisanabadwe,
litakulungidwa m'bulangete
limene tinafunda mpaka linasanduka chikolopa.
"Ndiye funani zamkuwa, zamzere umodzi.
Zatsopanozi zimalowa ngati munthu wodzatenga ngongole yake.
Thabwa lokalamba limang'aluka."

Ndinanjuta mpaka miyendo inachita dzanzi.
Iyi yatalika, ikabowola nsalu ya sipika.
Iyi yanenepa.
Iyi ikanakhala bwino, koma wina anaitafuna mutu
ndi mpeni wa kukhitchini.
Ndinapeza zisanu. Mabowo alipo asanu ndi atatu.

"Timawashala bwanji?"
Ndinati yatsala ya kabaza yokha.
Anandigwira dzanja, kuliyala,
kuwerengeramo asanu, topyapyala ngati mamba a chambo.
"Mutu wa sikulufu sudziwa polekezera, mama.
Ukamanga umangomira.
Kameneka kamakhala pakati, kamalandira."

Ku Chiputula ndinagoneka bokosi chafufumimba pa mphasa.
Bowo lotakasuka ndinalidyetsa kamtengo ka machesi,
mano a sikulufu ndinawapaka sopo.
Fungo linatuluka m'katimo
linali la Loweruka lililonse la ubwana wanga,
polishi, fumbi lofunda, ndowe za mphemvu.

Bambo ankamanga chilichonse mpaka chilire.
Mpopi, chishalo cha njinga, chivindikiro cha botolo la shuga,
ifeyo.
Chizindikiro chawo chili apa,
maenje asanu ndi atatu m'thabwa
momwe mitu inamira popanda choiletsa.

Amayi anali pampando wa pakhomo, shawelo m'mapewa,
akuyang'ana kawashala koyamba kakukhala pamalo pake.
Ndinapotokola kamodzi, kawiri, theka.
"Basi pomwepo," anatero.

Ndinaliimiritsa. Ndinagogoda pambali, silinanjenjemere.
Mabowo atatu akadali kukamwa yasa,
ndipo magetsi anathima kuyambira m'mawa.
Tinakhala choncho awiriwiri,
kuyang'ana galasi lake la mayina a mizinda
mpaka mdima unafafaniza Salisbury.