Tizitsulo ta m'botolo

Kachitsulo kachitatu katuluka lero, Che Twaibu,
pansi pa phewa, paja mumati "kanda apo, apo."
Kanayamba ngati kachiphuphu ka thukuta,
khungu lakalavula lokha
monga mwana alavulira munga wa kambuzi.
Ndakaponya m'botolo lija la mafuta odzola,
kalira kuti ngwe, kupeza tinzake tiwiri.

Adokotala pa Boma anati tilipo tambiri, tisiyeni,
tina tagona pafupi ndi fupa la msana,
sitifuna kudzutsidwa.
Ndiye kuti pamphasa timagona atatu:
ine, inu, ndi zotsala za bomba la ku Kongo.

Munakwera basi pa M'baluku muli ndi miyendo iwiri
ndi nthabwala zosatha.
Mwabwera khutu lamanzere mutalowa nyenje,
ya m'chilimwe, yosadziwa kuti kwada.
Wogulitsa patapata anakana kudula mtengo,
akuti imodzi sagulitsa.
Yakumanja ili kuseli kwa sutikesi,
sinapondepo fumbi la Mangochi.

Lachisanu ndimakuonerani pazenera mukutawaza:
manja, nkhope, phazi.
Kenako dzanja limatsikanso ndi madzi
kukafuna phazi linzake.
Madziwo amangogwera pasimenti,
inu n'kuwayang'ana mpaka aume.

Tsiku lija tayala la lole ya njerwa litaphulika pamlatho
munandigwetsa ngati thumba,
n'kundifunda ndi thupi lanu lonse,
mukukuwa, "Lufeyo, gona! Gona!"
Matimati anga anamwazika mumsewu.
Akabaza anaseka.
Mmodzi yekha, wa mano oguluka, sanaseke,
anatola ndodo zanu, nazipukuta ndi malaya ake.

Lufeyo ndani?
Ndafunsa kawiri. Kachitatu sindifunsa.
Ndimangodziwa kuti kutulo mumamukoka,
mumamukoka,
ndipo amapepuka modabwitsa m'manja mwanu,
mumadzuka mukuyang'ana zikhatho.

Achimwene anu akuti tithokoze, ena anabwera m'bokosi.
Ndikuthokoza.
Mapepala a chipukutamisozi ndawapinda kanayi,
afewa ngati nsalu yakale.

Masanawa Asiyatu walipeza botolo,
sindikudziwa wakwera bwanji pashelefu.
Akuligwedeza ngati chisekese,
akuvina ndi timiyendo take tosalimba.
Ndathamanga kuti ndimulande.
Mwandigwira chitenje,
mwatembenuzira kwa iye khutu lotsalalo.
"Msiyeni," mwatero,
"mbali ino ndikumva."