Mvuu ya pa Njinga

Ku Chinamwali, kuseri kwa chigayo cha a Sumaili,
kunali kanyumba kopanda zenera,
chitseko chake thumba la feteleza.
Loweruka m'mawa, akuluakulu asanabwere kudzaonera zankhonya zawo,
ankatiikira ife tepi ya makatuni.
Kwacha imodzi pakhomo.
Ine ndinkaipeza potola mabotolo ku Mpondabwino,
Alifeyo ankazembetsa mazira a mayi ake,
wopanda kanthu ankasuzumira pamng'alu wa thabwa
mpaka diso kulengeza misozi.

Tepi inali imodzi yomweyo chaka chonse.
Pakati pake pankagwa mvula ya mizere yoyera,
a Sumaili n'kuwomba deki ndi chikhatho,
mvuu ija n'kubwerera pa njinga yake,
chipewa chofiira, matako kusefukira pachishalo,
tambala wa nyundo ali pambuyo, liwiro la mtondo wadooka.
Inkagwera kuphompho, n'kuphwatalala ngati mkeka,
kenako chala m'kamwa, n'kudzipopa yokha,
n'kudzuka, n'kusasa fumbi.
Chaka chimenecho kwathu tinaika maliro atatu.
Mvuu inkafa kasanu dzuwa lisanafike paliwombo
n'kukwerabe njinga.

Chizungu sitinkachimva.
Alifeyo ndiye ankamasulira ataima pabenchi,
kabudula wong'ambika kumbuyo:
"Akuti bweza ngongole yanga ya makala!"
"Akuti mwezi ukatha, achimwene, mwezi ukatha!"
Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa,
ana makumi atatu m'fungo la thukuta ndi chinangwa chootcha.

Lero ndikuchita lendi ku Matawale,
kanema wopyapyala ngati kalendala pakhoma.
Sungeni wanga amakhala yekha pampando, rimoti m'manja.
Zidole zake n'zosalala, maso ngati mbale zadothi.
Sizigwa, sizipsa mchira, sizikongola makala.
Zimamufunsa kuti mpira wobiriwira uli pati,
n'kumuwombera m'manja asanaloze n'komwe.
Zimaphunzitsa kusamba m'manja ndi kupepesa.
Sindikutsutsa ayi.
Mwanayu amawerenga mpaka handiredi m'Chizungu cha m'mphuno,
aphunzitsi ake amamunyadira.
Kungoti sindinamuonepo atagwa pansi ndi phwete.

Dzana ndinagula bandulo,
ndinasakasaka mpaka atambala oyamba,
ndinaipeza mvuu ija pafoni.
Kutacha ndinamuitana: bwera udzaone zenizeni.
Anayang'ana pang'ono, mphuno atakwinya.
"Adadi, bwanji mitundu yake yafwifwa?
Nanga tambalayu akum'menyeranji mnzake?"
Ndinatsegula pakamwa, n'kutsekanso.
Chizungu tsopano ndimachimva,
ndipo za makala munalibemo.
Ankalimbirana keke.
Mphindi zisanu ndi ziwiri basi,
chinthu chomwe ndinkayesa chinkadya m'mawa wonse.

Alifeyo anapita ku Joni kalekale.
Nambala yake imangoti yesaninso nthawi ina.
Pomwe panali kanyumba paja akugulitsa mayunitsi,
ndipo mnyamata wapamenepo dzina la a Sumaili salidziwa.

Usiku wathawu magetsi anathima,
nkhungu itatsika ku Chawe mpaka pamadenga athu.
Tinakhala chete, kandulo ili m'sosala.
Mayi ake ankasita yunifolomu ndi ayironi yamakala, akudandaula mtengo wa thumba.
Sungeni anabwera n'kutsamira bondo langa.
"Adadi, mvuu ija inalakwa chiyani?"
Ndinafuna kunena zoona, za keke.
Koma ndinapezeka ndakwera pampando wodyera,
mimba patsogolo, mawu kukulitsa:
"Mwezi ukatha, achimwene, mwezi ukatha!"
Chithunzithunzi changa chinadzaza khoma lonse,
makutu ang'onoang'ono, chithupi cha mvuu.
Mwana anayamba ndi kamwetu,
kenako kanatuluka kaphokoso kena kamene sindinkakadziwa,
kofanana ndi ka Alifeyo akatsamwa ndi nzimbe.

"Tsikani apo," anatero mayi ake,
"mpandowo sitinamalize kulipira."