Dzino Lokakamira

Uthenga unandipeza Lachiwiri:
bwerani ndi sipanala yanu, a Mvula,
kukubwera mayi wa ku Falansa.
Ndinakwera minibasi ku Chilenje,
chikwama cha zida pamiyendo,
kondakitala akukangana ndi wina za chenje.

Piyano ya mu holo ya ku Longacres ndimaidziwa
monga munthu adziwira kutsokomola kwa mkazi wake usiku.
Dzuwa la Okutobala limaiphwetsa nsambo,
fumbi limagona pansi pa mano ake,
ndipo dzino limodzi, chakumanzere,
ukalikanikiza silifuna kudzuka.

Anafika ndisanamalize.
Odile Chassagne, zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi,
duwa la jakaranda litamatirira kuchidendene.
Ndinayamba kuona manja, nkhope pambuyo:
mfundo zotupa, chala chamkombaphala chopindika
ngati cha amayi anga
atatha zaka akuswa miyala ku Kalingalinga.

Anakhala pambali panga,
Chingelezi chake chikutsimphina ngati changa.
Bambo ake ankaphika buledi, anatero,
m'katauni komwe sitima inkangodutsa osaima.
Piyano yoyamba inali ya mkazi wa dokotala,
ankaikhudza pokhapokha atasamba m'manja kawiri.
Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi anamutumiza ku Paris
kwa mphunzitsi woika kobiri pamsana pa dzanja.
Likagwa, yambiranso.
Anagwa ambiri.

Kenako mphoto, maluwa, ndege,
mizinda yoionera pawindo la hotela basi.
Mwana wake wamkazi anayamba kuyenda iye ali ku Tokyo,
anangomva pa lamya.
Ponena izi anaseka. Ine sindinaseke.
Kenako dzanja lamanja linakana.
Zaka zisanu ndi chimodzi chivundikiro chili chotseka,
nyuzi zinamuika m'manda
iye akadasankha anyezi pamsika.
"Ndinabwerera," anatero, "koma monyang'ama,
ngati wolowa m'nyumba imene anachokamo atayambana."

Ndinamuuza za dzino lija.
Analikanikiza, nalidikira,
nalidzutsa ndi chikhadabo.
"Lisiyeni. Tonse ndife nkhalamba, timvana."

Usiku holo inadzaza:
akazembe, masisitere awiri,
ana a sukulu a ku Kabulonga mataye ali pakhosi,
ine kumbuyo, pafupi ndi chitseko.
Pakati pa nyimbo yachitatu magetsi anathima.
Wina anati "aa!"
Jenereta inatsokomola kawiri n'kukhala duu.
Iye sanaime.
Zala zinkayenda mumdima muja
ngati mapazi a wobwerera kwawo usiku
amene amadziwa pali dzenje, pali muzu.
Ndipo m'holo monsemo ndine ndekha ndinkamva:
akafika pa dzino lija
pankakhala kampata kochepa ngati mpweya umodzi,
chala chikulidzutsa,
nyimbo n'kupitirira ngati palibe chachitika.

M'mawa mwake ndinapita kukatenga nyundo yanga yomwe ndinaiwala.
Ndinamupeza akusonkhanitsa mapepala ake.
"Nanga inu mumaimba nyimbo yanji?"
Zaka makumi atatu ndikuchuna, ndinatero,
ndimagogoda dzino limodzilimodzi
kumvetsera ngati likunama.
Nyimbo yathunthu sindinaimbepo.

Anakoka mpando n'kundikhazika.
Anatenga dzanja langa lokakala ndi sipanala,
nalipinda ngati lafumbata dzira,
naika kobiri la wani kwacha pamwamba pake.
Linagwa ndisanakhudze n'komwe dzino.
Linagubuduka, ngwee, mpaka kunsi kwa piyano,
tonse tikuliperekeza ndi maso,
panja dalaivala wopita ku bwalo la ndege
akuliza hutala kachitatu.

Sindinamvenso za iye.
Kobiri lidakali pomwepo, kuseri kwa mwendo wakumbuyo,
wosesa safikako.
Dzino lija ndikanatha kulikonza ndi mphindi khumi.