Zikhomo za Morwenna

Pa tebulo la kukhitchini ku Bristol,
mvula ikukanda zenera,
Morwenna wakhuthula thumba lake, khuthu!
Zikhomo zachitsulo, zina zadzimbiri,
zina zong'anima ngati sizinalawepo mwala.

"Sankha zisanu zokha," akutero,
"thanthwe silikweredwa ndi msika wonse m'chiuno."

Dzanja langa lathamangira chonenepa,
chopindika ngati ngalande ya denga.
Iye waseka mpaka tiyi kumutsamwa.
"Akukusankhira ndi mantha.
Mng'alu wa pamwamba paja ndi wopyapyala,
ngakhale chikhadabo chimabwerera pakhomo.
Tenga ichi chonga lumo.
Tenganso ichi, chitsulo chofewa,
chimagonja, chimakhota motsata njira ya mwala.
Cholimacho ndi chamakani,
ukachikakamiza chimaswa nyumba ya eni."

M'mawa tili kokumba miyala kwakale.
Kumunsi mtsinje wa Avon wathawa,
wasiya matope okhaokha,
magalimoto akung'ung'udza pamsewu.
Zala zauma ndi chisanu.
Ndalendewera m'makwerero a malamba,
nyundo ikundigogoda ntchafu.

"Khoma ndi khutu!" akufuula pansipo.
Ngwe. Ngwe. Ngwii!
Mawu akamakwera ngati belu la njinga,
chagwira.
Akati phu, phu, ngati chitseko chonyowa,
zula, usatsutsane nacho.

Kenaka pamwamba pa mutu wanga
ndaona chikhomo chakale,
diso lake lofiira, misozi ya dzimbiri
itayenderera pamwala.
Mtima uli myaa, ntchito yachepa.
Ndatambasula mkono.

Chingwe chagwedezeka.
"Chisiye icho.
Anakhoma ndi Gethin, imvi zisanamupeze,
ine nditagwira chingwe pompano."
Wakhala chete. Njiwa yadutsa pakati pathu.
"Ndinamukonda munthu uja.
Koma dzimbiri silidziwa zimenezo."

Ndatulutsa chonga lumo chija,
chopepuka ngati supuni ya mwana.
Pambali pali zipsera za akale,
mabowo amene nyundo zinasiya,
ndipo ndachita manyazi pang'ono
kuwonjezera langa.

Kanayi ndamenya. Kachisanu chayimba.

Ndakola makwerero, ndapondapo phazi limodzi,
ndikusamutsa thupi pang'onopang'ono
ngati wolowa m'chipinda cha wodwala:
bondo, chiuno, ngongole za lendi,
kalata ya mlongo wanga yosayankhidwa,
zonse pa kachitsulo kosaposa chala.

Sichinanene kanthu.

"Chinanso," akutero Morwenna,
akupukuta magalasi ake ndi chipewa,
"zatsala zinayi, thanthwe likadalipo."